Galimoto Ikalira Kutsogolo Itachokera kwa Makaniko

Ambiri a ife tilibe galimoto, koma tonse timakwera galimoto. Timakwera chapa popita kumsika. Timakweza matumba a chimanga ndi mbatatesi pa lole. Mwana akadwala usiku, timathamangira kwa mnzathu amene ali ndi pikapu kuti atiperekeze kuchipatala. Motero galimoto ikakhala ndi vuto ku magudumu a kutsogolo, vutolo limakhudza dalaivala ndi onse amene akhala kumbuyo kwake.

Tikambirane za chinthu chimene chimachitika kawirikawiri. Galimoto inali kwa makaniko. Mwini wake walipira, watenga makiyi, wanyamuka. Asanapite patali akumva phokoso lachilendo kutsogolo, ngati chitsulo chikukhulana ndi chitsulo chinzake. Mwina chiwongolero chikukokera kumbali. Mwina chapendekeka pamene galimoto ikuyenda molunjika. Dzana zimenezi kunalibe. Nanga zachokera kuti?

Ena amati, "Ndi zitsulo zatsopano, zizolowerana." Mawu amenewa amakhala oona nthawi zochepa chabe. Ena amangokweza wailesi kuti asamve. Ife tikuti phokoso limene layamba tsiku lokonza galimoto limachokera, nthawi zambiri, pomwe panafika manja tsiku limenelo. Tiyambe kufunafuna pamenepo. Pa ntchito imeneyi tifuna makutu, maso, manja, jeke ndi sipanala. Zambiri tingathe kuzipeza tokha tisanawononge ndalama zina.

Zimene zili kuseri kwa gudumu

Njinga tonse timaidziwa. Pakati pa gudumu la njinga pali habu. M'kati mwa habu muli timipira tachitsulo toyenda m'girizi. Tikamanga makoni mopitirira, gudumu limauma, silizungulira bwino. Tikamanga mosakwanira, gudumu limagwedera. Gudumu la galimoto nalonso limazungulira pa chinthu chotere, koma chachikulu ndi cholimba. Dzina lake ndi beringi. Amakaniko ambiri a ku Tete ndi ku Lichinga amaitchula m'Chipwitikizi kuti rolamento. Beringi ya ngolo ndi ya chigayo ndi abale ake.

Kuseri kwa gudumu kuli mbale yachitsulo yozungulira pamodzi ndi gudumulo. Imeneyi ndi disiki. Dalaivala akaponda buleki, mapadi awiri amapana disiki mbali ino ndi mbali inayo, monga momwe mphira za buleki ya njinga zimapanira limu. Kuseri kwa disiki kuli chitsulo china chopyapyala ngati lata. Ntchito yake ndi kutchinga matope ndi fumbi.

Nanga chiwongolero chimakhotetsa bwanji magudumu? Pali ndodo yachitsulo imene imakankha ndi kukoka gudumu lililonse. Dzina lake ndi tayirodi. Kumapeto kwake kuli mfundo yonga ya phewa lathu, mpira wokhala m'kachikho, yotha kutembenukira uku ndi uku. Mfundo ina yotere, yokulirapo, imagwira gudumu chapansi. Imeneyi ndi bolojointi, m'Chipwitikizi rótula. Makaniko akamasintha beringi, mabuleki kapena masipuling'i, amamasula zina mwa zitsulo zimenezi ndi kuzimanganso. Ndi chifukwa chake ntchito ya pa chitsulo chimodzi itha kudzutsa vuto pa chitsulo china.

Tiyambe ndi manati

Choyamba kuyang'ana ndi manati a gudumu. Ndi ntchito ya kanthawi kochepa, koma ndi imene imapulumutsa anthu ambiri.

Zimachitika motere. Makaniko amabwezera gudumu galimoto ili pa jeke. Amamanga manati ndi manja, n'kunena mumtima kuti alimbitsa akaitsitsa. Wina amuitana, kapena foni ilira, iye n'kuiwala. Ngakhale makaniko wodziwa ntchito amaiwala. Galimoto imanyamuka bwinobwino. Patapita kanthawi timamva kugogoda, "gu, gu, gu," kotsatana ndi kuzungulira kwa gudumu. Tikathamanga nakonso kumafulumira. Chiwongolero chimayamba kunjenjemera m'manja. Tikapitirira ulendo, mabowo a limu amadyeka n'kukula, mabawuti amathyoka limodzilimodzi, gudumu n'kuchoka. Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Gudumu likachoka pa liwiro limeneli, dalaivala sapeza nthawi yochita kanthu.

Choncho tikamva kugogoda, tiime pamalo abwino nthawi yomweyo. Titenge sipanala, tiyese nati iliyonse pa magudumu onse. Tisamange motsatira mzere wozungulira. Timange nati imodzi, kenaka yoyang'anana nayo, modumphadumpha, kuti limu likhale bwino pamalo pake. Tiyang'anenso ngati pali mzere wa dzimbiri kapena fumbi lonyezimira lochokera pa nati. Zimenezo zimasonyeza kuti natiyo yakhala ikusewera. Gudumu lililonse limene linachotsedwa, manati ake tiwayesenso titayenda makilomita 50.

Kumanga mopitirira nakonso n'kolakwika. Taona anyamata akulowetsa paipi yaitali ku sipanala n'kumadumphapo ndi miyendo yonse. Bawuti imatamuka, mazinga amatha, ndipo tsiku lina imathyoka yokha pamsewu. Mphamvu ya manja a munthu wamkulu pa sipanala ya galimotoyo ndi yokwanira pa galimoto yaing'ono. Tisapake mafuta pa mazinga. Tipukute matope ndi dzimbiri pamene limu limakhudzana ndi habu, pakuti dothi lotsalira pamenepo limaphwanyika panjira ndipo manati amakhwepa. Oyendetsa malole adziwenso ichi: malole ena ochokera ku Japan ali ndi manati omangira kumanzere pa magudumu a kumanzere. Pa mutu wa bawuti yake pamalembedwa L. Amene sadziwa amamasula poganiza kuti akumanga.

Timvetsere bwino

Manati akakhala olimba koma phokoso lilipobe, tifunefune msewu wosalala, wopanda anthu ndi ziweto. Tizimitse wailesi, titsitse magalasi, tiyende pang'onopang'ono. Mnzathu mmodzi akhale pambali pa dalaivala kuti amvere mbali yake.

Poyamba tidziwe ngati phokoso likutsata injini kapena magudumu. Galimoto ikuyenda, dalaivala aponde kilachi kapena achotse giya. Injini imatsika mawu. Phokoso likatsika nayo limodzi, nkhani ili ku injini. Likapitirira monga kale, nkhani ili ku magudumu. Pochita zimenezi tisazimitse injini. Injini ikazima, buleki imauma, chiwongolero chimalemera, ndipo mwina chimatsekeka.

Kenaka tidzifunse: kodi phokosoli likumveka nthawi zonse, kapena poponda buleki pokha? Kodi likusintha pokhota? Kodi likubwera podutsa m'maenje? Mayankho ake tiwasunge, ndipo amene taphunzira kulemba tiwalembe papepala. Makaniko akauzidwa kuti "ikulira kutsogolo" amangoyerekeza. Akauzidwa kuti "ikulira kumanja, pokhotera kumanzere, buleki isanapondedwe," amadziwa poyambira.

Kukwecha kwa mabuleki

Phokoso lopyapyala, lokwecha ngati munthu akupala poto ndi supuni, lomveka ngakhale poyenda pang'ono, kawirikawiri limachokera ku chitsulo chonga lata chija. Makaniko pogwira ntchito amachikankha osadziwa, chimapindika n'kukhudza disiki. Phokoso lake limaopsa, koma vutolo ndi laling'ono. Tikachotsa gudumu tiona pamene chikukhudza, pali kamzere konyezimira. Tichikankhe ndi dzanja kapena ndi sikuludiraiva kuti chitalikire pang'ono, basi. M'misewu yathu ya miyala, kamwala katha kulowanso pakati pa disiki ndi chitsulo chimenechi. Nthawi zina kamagwa kokha tikabwerera chambuyo pang'ono.

Phokoso lobwera poponda buleki ndi nkhani ina. Mapadi atsopano amatha kulira pang'ono pa makilomita 200 kapena 300 oyamba, mpaka atagwirizana ndi disiki. Apa pokha ndi pamene mawu aja akuti "zizolowerana" ali oona. Koma phokoso lolemera, longa la mwala pa mphero, si la kuzolowerana ayi. Ndi chitsulo chikudya chitsulo. Mwina mapadi akale sanasinthidwe ndipo atheratu. Mwina padi imodzi yaikidwa chotembenuza, msana wake wachitsulo n'kuyang'ana ku disiki. Zimenezi zimachitikadi munthu akamagwira ntchito mofulumira kapena kukuda. Tikamva kugunda kumodzi, "kho," nthawi iliyonse poponda buleki, tikayikire mabawuti ogwira chopanira mapadi. Mwina imodzi sinamangidwe.

Pali njira yapafupi yodziwira buleki yogwira yokha. Tiyende makilomita awiri kapena atatu osaponda buleki kwambiri, tiime. Tisendeze kuseri kwa dzanja pafupi ndi gudumu la kumanja, kenaka la kumanzere. Tisakhudze disiki, imawotcha. Gudumu limodzi likatentha koposa linzake, kapena likanunkha chopserera, buleki yake siikumasuka, kapena beringi yake ikupsa. Tionenso kapaipi kamphira ka mafuta a buleki. Kakabwezeredwa kopotoka, kamakhula tayala pokhota mpaka kubooka.

Galimoto ikakokera kumbali poponda buleki pokha, imakokera ku mbali imene buleki ikugwira bwino. Choncho vuto tikalifune mbali inayo. Mwina girizi wagwera pa mapadi a kumeneko.

Mapadi akangosinthidwa, chopondera cha buleki chimatsika mpaka pansi ulendo woyamba. Dalaivala achiponde kangapo galimoto ili chiimire mpaka chilimbe. Chikakhalabe chofewa ngati chinkhupule, muli mpweya m'mapaipi. Galimoto yotere isatuluke pachipata cha garaja. Tiganizire lole yodzaza mbatatesi yochokera ku Angónia kapena ku Tsangano, ikutsika mapiri kulowera ku Moatize ndi ku Tete. Pa mitsetse imeneyo mabuleki amagwira ntchito yaikulu yoimitsa katundu yense.

Beringi

Beringi yowonongeka imalilima, "wuuu," ngati ndege ili kutali. Poyenda pang'ono siimveka kwenikweni. Liwiro likamakwera, nayonso imakweza mawu. Kuponda buleki sikuisintha kwambiri.

Kodi tidziwa bwanji mbali yake? Tikumbukire zimene zimachitika m'chapa pokhota. Chapa ikakhotera kumanzere, tonse timatsamira kumanja. Kulemera kwa galimoto nakonso kumapita ku magudumu a kumanja. Motero pamsewu wopanda anthu, dalaivala akhotetse pang'ono kumanzere, kenaka kumanja. Phokoso likakula pokhotera kumanzere, kawirikawiri ndi beringi ya kumanja, chifukwa ndi imene yasenza katundu. Likakula pokhotera kumanja, ndi ya kumanzere.

Wina afunsa: beringi yatsopano ingalire bwanji? Ingalire ndithu. Beringi za galimoto zambiri zazing'ono zimabwera zotsekedwa, girizi ali kale m'kati, ndipo zimafunika kulowetsedwa ndi makina okanikiza. Kumene kulibe makina, ena amazikhomera ndi hamala. Nkhonya za hamala zikadutsa m'timipira tija, zimasiya timaenje tosaoneka ndi maso m'njira yake. Beringiyo imayamba kulira tsiku lomwelo kapena patapita milungu yochepa. Nati yaikulu ya pakati pa habu ikamangidwa mosakwanira, beringi imathanso msanga.

Mapikapu ambiri akale, monga Toyota Hilux ndi Land Cruiser za kale, ali ndi beringi zochita kupaka girizi ndi kuchuna ndi nati, monga makoni a njinga aja. Apa luso la makaniko limaonekera. Akamanga kwambiri, beringi imatentha, girizi amasungunuka, zitsulo zimapsa mpaka kuda. Akamanga pang'ono, gudumu limagwedera. Fumbi nalonso ndi mdani. Beringi yoikidwa pansi pa mchenga, kapena yopakidwa girizi wa m'chitini chosavundikira, yalowa kale matenda isanayambe ntchito.

Tiikweze pa jeke

Tsopano tiyese ndi manja. Koma tiyambe tadziteteza. Galimoto iime pamalo olimba ndi osatsetsereka. Tikoke handibuleki, tiike miyala kapena zipika kutsogolo ndi kumbuyo kwa magudumu a kumbuyo. Tikakweza, tiike zipika zolimba za mtengo pansi pa chitsulo chachikulu cha galimoto. Njerwa ayi, zimaphwanyika mwadzidzidzi. Munthu asalowetse mutu kapena chifuwa pansi pa galimoto imene yagwidwa ndi jeke yokha. Ana akhale patali.

Gudumu lili m'malere, tilizungulitse ndi dzanja. Liyenera kuyenda mosalala, ndi kaphokoso kochepa ka mapadi. Dzanja lina tigwire sipuling'i kapena chitsulo cha pafupi ndi habu. Beringi yoipa imatumiza kunjenjemera m'dzanja, ngati muli mchenga. Tiyerekeze ndi gudumu la mbali inayo.

Kenaka tigwire tayala dzanja limodzi pamwamba, lina pansi. Tikankhe pamwamba tikukoka pansi, mosinthanasinthana. Likagwedera, ndi beringi kapena bolojointi. Kuti tisiyanitse, mnzathu aponde buleki osasiya, ife tigwedezenso. Kugwedera kukatha, ndi beringi, pakuti buleki yagwira habu. Kukapitirira, ndi bolojointi.

Tisinthe manja. Limodzi ligwire kutsogolo kwa tayala, lina kumbuyo, tigwedeze ngati tikufuna kulikhotetsa. Tikamva "kho, kho," mnzathu asuzumire ku tayirodi aone mfundo imene ikusewera.

Kapini kakang'ono

Pamene tasuzumira kumeneko, tiyang'ane nati ya pa mfundo ya tayirodi ndi ya pa bolojointi. Pa galimoto zambiri nati imeneyi ili ndi mipata pamutu pake. Mu mpata umodzi mumadutsa kapini kachitsulo kopinda pawiri, miyendo yake n'kuitambasula. Kapini kameneka kamaletsa nati kumasuka. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri, koma kakasowa, nati imatembenuka pang'onopang'ono m'mabampu mpaka kugwa. Tayirodi ikachoka, gudumu limenelo silimveranso chiwongolero. Bolojointi ikachoka, gudumu limapindikira pansi pa galimoto. Ambiri taonapo galimoto itagwada chotere m'mbali mwa msewu.

Kapini kakale kakawongoledwa ndi kupindidwanso kamathyoka msanga. Msomali kapena waya wa mpanda si m'malo mwake, ngakhale ambiri amatero. Msomali ungatifikitse kugaraja tikuyenda pang'ono, koma usakhale pamenepo mwezi wonse. Galimoto zina zilibe kapini, zili ndi nati yokhala ndi pulasitiki m'kati yodzigwira yokha. Nati yotere ikamasulidwa, ndi bwino kuika yatsopano.

Phokoso la pokhota

Galimoto zazing'ono zambiri zimakokedwa ndi magudumu a kutsogolo. Zili ndi ekiselo yokhala ndi mfundo yokutidwa ndi mphira yamakwinya. Mphira ikang'ambika, girizi amamwazika m'kati mwa limu, mchenga n'kulowa. Pamenepo timamva "tcha, tcha, tcha" pokhota kwambiri tikunyamuka. Mphira imeneyi itha kubooledwa ndi chitsulo pa nthawi yokonza, choncho tiiyang'ane.

Tayala nalonso litha kukhula. Likakhala lalikulu kuposa la galimotoyo, kapena pulasitiki ya m'kati mwa madigadi ikasiyidwa yolendewera, timamva kukhula chiwongolero chikafika kumapeto. Malo okhulidwa amaoneka osalala.

Chiwongolero chopendekeka ndi chokoka

Tayirodi ili ndi mazinga. Ikatembenuzidwa imatalika kapena kufupika, ndipo gudumu limaloza m'kati kapena kunja. Magudumu awiri a kutsogolo ayenera kuloza pafupifupi kumodzi. Kusiyana kololedwa ndi kwa mamilimita ochepa chabe, ndipo mtundu uliwonse wa galimoto uli ndi muyeso wake. Makaniko wosamala amawerenga mazinga pochotsa mfundo yakale kuti yatsopano ifike pomwepo. Zimenezi zimathandiza, koma sizikwanira, chifukwa mfundo zatsopano sizilingana ndendende ndi zakale. Tayirodi kapena bolojointi ikasinthidwa, galimoto ipite kokayeza magudumu. Ntchito imeneyi ena amati alayimenti, ena alinhamento.

Tikanyozera, tayala limayenda likukwekwereza chammbali, monga ng'ombe ziwiri za pagoli zosagwirizana njira. Tayala latsopano litha kudyeka mbali imodzi m'milungu yochepa. Tipititse chikhatho pamwamba pa tayala kuchokera kunja kulowa m'kati, ndi kubwerera. Likasalala mbali imodzi n'kumakanda pobwerera ngati mano a sowo, magudumu sakuloza kumodzi. Kumene makina oyezera ali kutali, tingayese ndi tepi. Tiyeze mtunda wa pakati pa matayala awiriwo kutsogolo kwake, kenaka kumbuyo kwake, pa msinkhu wofanana. Tikapeza kusiyana kwa sentimita yathunthu, zinthu sizili bwino. Tepi imangotichenjeza, siilowa m'malo mwa makina.

Chiwongolero chikapendekeka, ena amachizula n'kuchibwezera mowongoka. Uku n'kubisa matenda. Magudumu amakhalabe olakwika, matayala amadyekabe. Ndiponso galimoto za masiku ano zili ndi chikwama cha mpweya pakati pa chiwongolero, chimene chimaphulika pangozi kuti chiteteze dalaivala. Wosadziwa asachigwire.

Galimoto yokokera kumbali nthawi zonse tiyambe taiyeza mpweya. Tayala lochepa mpweya limakokera galimoto ku mbali yake. Muyeso woyenera umalembedwa pa kapepala ka pa chitseko cha dalaivala kapena pa mphuthu yake. Mpweya ukakhala wofanana, tisinthanitse matayala awiri a kutsogolo. Galimoto ikayamba kukokera mbali inayo, vuto ndi tayala. Ikakokerabe komweko, tibwerere ku buleki yogwira yokha ija, kapena ku chitsulo chopindika. Tisaiwale kuti kuno timayenda kumanzere, ndipo msewu wa tala umatsetserekera kumanzere kuti madzi a mvula atsike. Kutsetserekera pang'ono kumanzere tikasiya chiwongolero si matenda.

Tiyesenso kusewera kwa chiwongolero. Galimoto ili chiimire, injini ikulira, magudumu ali molunjika, tichigwedeze pang'ono uku ndi uku, mnzathu akuyang'ana tayala. Chikayenda kupitirira masentimita 3, ndiye kuti zala ziwiri, tayala lisanasunthe, pali mfundo yokhwepa. Ena pofuna kuthetsa kusewera kumeneku amamanga kwambiri bawuti yochunira pa bokosi la chiwongolero. Zotsatira zake chiwongolero chimauma, ndipo sichibwerera chokha tikamaliza kukhota. Zimenezi n'zoopsa kuposa kusewera kuja.

Chiwongolero cholemera, cholira "wiii" pochitembenuza, kawirikawiri chikusowa mafuta ake, kapena mwalowa mpweya pamene mapaipi anamasulidwa. Titsegule kachitini kake. Mafuta akakhala ndi thovu, muli mpweya. Tithiremo mafuta a mtundu wake mpaka pa mzere, tikweze magudumu a kutsogolo, titembenuze chiwongolero pang'onopang'ono kumapeto uku ndi uku kangapo. Mafuta a buleki asalowe m'menemo, amawononga mphira zonse. Lamba wokhwepa naye amalira chiwongolero chikafika kumapeto. Galimoto zambiri zatsopano zilibe kachitini kameneka chifukwa chiwongolero chake chimathandizidwa ndi magetsi. Pa zimenezo vuto limaonekera ndi kanyali koyaka kutsogolo kwa dalaivala.

Kunjenjemera kobwera pa liwiro lalikulu lokha, cha m'ma 80 kapena 100, kawirikawiri ndi gudumu lolemera mbali imodzi. M'nyengo ya dzinja tiyambe tachotsa matope ouma m'kati mwa limu.

Kubwerera kwa makaniko

Chitsulo chonga lata, kamwala, mpweya wa matayala ndi manati tingakonze tokha. Koma tikapeza kapini kosowa, mfundo yogwedera, buleki yofewa, kapena gudumu lotentha kwambiri, anthu atsike ndipo katundu atsitsidwe. Garaja ikakhala pafupi ndipo buleki ikugwira, galimoto ipite yopanda kanthu, pang'onopang'ono. Ikakhala kutali, makaniko ndiye abwere. Tikudziwa kuti n'zowawa kusiya matumba panjira tsiku la msika. Komabe tayirodi yosewera siidikira kuti tifike.

Tibwerere msanga, tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Pakapita mwezi, makaniko adzati ndi maenje a mumsewu, ndipo palibe angamutsutse. Tisayambe ndi mkangano. Timuuze zimene tamva ndi zimene tapeza: "Bambo, dzulo munasintha beringi ya kumanja. Lero ikulilima pokhotera kumanzere, ndipo gudumulo likutentha. Tiyeni tikwere limodzi mumve." Makaniko wabwino amakwera. Timufunsenso kuti anamasula zitsulo ziti, pakuti mndandanda umenewo ndiwo njira yofufuzira. Ngati anasintha mphira za pa mikono yogwira gudumu, timufunse ngati mabawuti ake anawalimbitsa galimoto itatsika pa jeke. Akalimbitsidwa gudumu likulendewera, mphira zimapotoka galimoto ikatera, zimalira m'maenje, ndipo zimang'ambika msanga.

Nthawi iliyonse pokonzetsa galimoto tipemphe zitsulo zakale zimene zachotsedwa. Ndi zathu, ndipo zimatiphunzitsa. Mapadi akale akadyeka mbali imodzi koposa inzake, chopanira chake chinali chouma, ndipo chikapanda kutsukidwa mapadi atsopano adzadyekanso chimodzimodzi. Beringi yakale tiitsuke ndi parafini, tiizungulitse m'manja. Ikakhala ndi timaenje kapena ikachita ngati muli mchenga, inalidi yowonongeka. Ikayenda mosalala, ndipo galimoto ikulilimabe monga kale, ndiye kuti phokoso silinali la beringi imeneyo. Tiyese ya mbali inayo. Tipapasenso matayala. Tayala lodyeka mabampumabampu limalira ngati beringi. Tikalipititsa kumbuyo, phokoso nalo limasamukira kumbuyo.